Makalata a omvera: "Akuti digiri yanga ndi ya pa foni"

Takulandiraninso, omvera athu. Thumba lalemera sabata ino, ndipo ambiri mwayankha funso lija tinafunsa: inu a kuyunivesite, mumakonda kukhala m'kalasi maso ndi maso ndi aphunzitsi, kuphunzira pa intaneti, kapena kusakaniza?

Ndiyambe ndi zazifupi. Mnyamata wina wochita lendi ku Chikanda, mumzinda wa Zomba, akuti: "Ine za pa intaneti ayi, ndikakhala kunyumba ndimangogona." Achimwene, zikomo ponena zoona, koma tulo timeneto musanamizire intaneti. Mtsikana wophunzira za unamwino ku Blantyre walemba mzere umodzi: "Kubaya jekeseni sungaphunzire pa WhatsApp." Pamenepo palibe mkangano, chemwali. Nanenso sindingapereke mkono wanga kwa namwino amene anangoonera pa Zoom.

Koma kalata iyi ndiye yandikhudza. Tamverani.

"Ndine mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Mchinji, mayi wa ana atatu. Ndikuchita digiri kudzera m'maphunziro a ODL, ophunzira munthu uli kwanu. Timapita kukoleji milungu yochepa, kenako timabwerera ndi mamojulo, zotsalazo n'za pa foni. Ndimawerenga ana akagona. Kuti nditumize ntchito ndimakwera pa chulu kuseri kwa sukulu, poti mpomwe netiweki imagwira, ndipo foni ndimakatchajitsa kwa ometa tsitsi pamsika. Tsiku lina pamaliro alamu anga ananena pagulu kuti digiri yanga ndi ya pa foni, siingafanane ndi ya mwana wawo wogonera kuhositelo. Kodi ndisiye?"

Mayi, kalatayi ndaiwerenga katatu. Musasiye. Ndikuuzeni chifukwa chake yandilasa mtima. Bambo anga malemu analemba JCE ali kale ndi banja, kudzera ku Malawi Correspondence College, sukulu yophunzitsa pa positi imene inayamba mu 1965, lero timaitchula kuti MCDE. Ndimakumbukira envulopu yakhaki ikafika, iwo amasamba m'manja kaye asanaitsegule. Usiku ankayandikiza koloboyi mpaka nsidze kuwauka, mphuno n'kuda ndi mwaye. Anzawo ku bawo ankawaseka kuti ndi mwana wa sukulu wa ndevu. Pepala limene anapeza ndi lomwe linatiphunzitsa tonse asanu. Tsono inu ndi chulu chanucho, kwa ine ndinu bambo anga aja, kungoti envulopu yasanduka foni.

Ndipo alamu anuwo, ngati akumvera, bambo ndikupempheni mwaulemu: pamaliro si pokambira madigiri a anthu. Mayunivesite aboma tili nawo asanu ndi imodzi, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, koma chaka chilichonse ana ambiri okhoza bwino MSCE amatsala chifukwa malo ndi ochepa. Ngakhale osankhidwawo, mahositelo sawakwanira, n'chifukwa chake mukumva za ophunzira ochita lendi ku Chikanda ndi ku Luwinga, ku Mzuzu. Nanga mayi wa ana atatu, wokhala ndi kalasi ya ana oposa zana imene ikumudikira Lolemba, asiye ntchito zaka zinayi kuti akagone kuhositelo? Adya chiyani anawo? Mayeso amalemba m'chipinda, woyang'anira ali chilili, osati pa chulu paja.

Komabe ndisakhale ngati ndikugulitsa malonda. Makalata angapo abwera ndi dandaulo limodzimodzi, ndipo apa ndilalikireko pang'ono. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, tinathamangira ku intaneti ngati tonse tili ndi laputopu. Mwana wa ku Area 47 analowa m'kalasi ali pa sofa, wa ku Nthalire anasowa ngakhale ya bandulo. Mu January 2022 namondwe wotchedwa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, tonse tinaona mmene foni imakhalira chidutswa cha pulasitiki magetsi akathima tsiku lonse. Tsono mukamafunsa wophunzira kuti amakonda chiyani, nthawi zambiri akukuyankhani ndi thumba lake, osati mtima wake.

Ndipo inu aphunzitsi ena, omvera akudandaula kuti mumangoponya manotsi pa gulu la WhatsApp usiku, n'kusowa mwezi wathunthu. Wophunzira wafunsa funso, timizere tiwiri tabuluu taoneka, yankho ziii. Kumeneko si kuphunzitsa, akuluakulu. Jambulani mawu, mwana adzamvere netiweki ikabwera, ndipo muzimuyankha. Ophunzira nanunso, kulowa pa Zoom n'kutseka kamera, inu muli kumsika kugula bonya, dzina lokha likuphunzira, musiye.

Bambo wina wa ku Johannesburg akufunsa ngati angaphunzire ali komweko. Funsani kaye ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, ndiponso kumene muzikalembera mayeso, musanatumize ndi tambala yomwe.

Agogo a ku Ntcheu akuti iwo za intaneti sazidziwa, angofuna moni kwa adzukulu awo ali ku Bunda. Moniwo wafika, agogo. Nthawi yatithera. Mayi a ku Mchinji, tsiku lovala gauni mutilembere, ndipo alamu aja muwaitane, akhale mpando wakutsogolo.