Kuchoka ku Zanyengo za Usilikali Kupita ku Deta ya Magetsi

Moni nonse amene mukutionera kuno ku Lilongwe ndi kwina konse. Lero tikukamba za msilikali wolosera zanyengo, ndi mmene angapezere ntchito yosanthula deta, kutanthauza manambala osonkhanitsidwa, m'makampani a magetsi akadzavula yunifolomu.

Ntchito ya msilikali wotereyu ndi kuyeza mphepo, mitambo ndi kutentha, kenako n'kuuza akuluakulu ake ngati ndege inganyamuke kapena ayi. Mu June 1944, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, wolosera zanyengo wa asilikali a Britain James Stagg analangiza Eisenhower, mkulu wa asilikali a mayiko ogwirizana, kuti asilikali adikire tsiku limodzi asanawoloke nyanja kupita ku Normandy ku France, ndipo anawoloka pa 6 m'malo mwa pa 5.

Tsopano pali bodza limene limandiwawa kwambiri, lakuti luso limeneli limathera pageti la baraki, kotero munthuyo ayenera kuyambiranso sukulu ngati mwana. Zimenezo si zoona ngakhale pang'ono. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, kumene kampani yopanga magetsi ya EGENCO imayendetsa makina, ndipo madziwo amadalira mvula imene yalowa m'nyanja ya Malawi. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo inu a ku Kawale ndi ku Area 25 mukukumbukira mmene magetsi ankazimira. Ku Salima kuli malo opangira magetsi a sola a mamegawati 60, ndipo mtambo ukaphimba mapanelo, mphamvu imatsika m'mphindi zochepa. Kodi amene angadziwiretu zimenezi ndi ndani, ngati si munthu amene wakhala zaka akulosera mitambo pamene miyoyo ya oyendetsa ndege inali m'manja mwake? Munthu ameneyu anazolowera kale kugwira ntchito ndi manambala osakwanira, kunena poyera kuti mwayi wa mvula ndi wochuluka bwanji, ndiponso kubwerera mawa lake kukaona pamene analakwitsa. Luso limeneli ndi limene ophunzira ambiri a kompyuta amachedwa kulipeza.

Ngati mwafika pano, dinani batani la subscribe, chifukwa sabata yamawa tidzakamba za mabatire osungira magetsi a sola a ku Golomoti.

Nanga muyambire pati? Choyamba, dziwani bwino Excel, pulogalamu yowerengetsera manambala, ndi SQL, chilankhulo cha kompyuta chofufuzira deta yosungidwa.

Chachiwiri, phunzirani Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, koma musangoloweza maphunziro a pa intaneti. Tengani deta yaulere ya kuwala kwa dzuwa pa webusayiti ya NASA POWER, ya bungwe la zamlengalenga la ku America, musankhe boma limodzi monga Salima, muyerekeze mphamvu imene mapanelo angatulutse tsiku lililonse, ndipo mulembe mosabisa masiku amene kuyerekeza kwanu kunaphonya komanso chifukwa chake. Olemba anthu ntchito amakhulupirira kwambiri chinthu chimene angachione ndi maso kusiyana ndi satifiketi yokha. Amene mwayesapo kale, tiuzeni m'munsimu boma limene munasankha.

Chachitatu, lembani CV yanu m'mawu amene munthu wamba angamve. M'malo motchula udindo wanu wa kuusilikali wokha, fotokozani kuti munkalosera kangati patsiku, kuti ankadalira malipoti anu ndi ndani, komanso kuti munkatsimikiza bwanji kulondola kwake, popanda kuulula zinsinsi za gulu lankhondo.