Mawu a m'mawa: Kama, tebulo, mpando ndi nyale

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Inu amene muli kale pamzere wa matakisi, ndi inu amene mukuweruka kumene ku ntchito ya usiku, mtendere ukhale nanu.

Tiwerenge 2 Mafumu 4:8-13.

Ku Sunemu kunali mayi wina wochita bwino. Mneneri Elisa ankadutsa kumeneko kawirikawiri, ndipo mayiyu ankamuumiriza kuti apatuke adye. Tsiku lina anauza mwamuna wake kuti amumangire munthu wa Mulunguyo kachipinda pamwamba pa nyumba, n'kuikamo kama, tebulo, mpando ndi choikapo nyale. Zinayi basi. Si kuti analibe, akanafuna akanadzazamo mpaka kudenga. Iye anaganizira munthu wotopa ndi ulendo: pogona, pokhala, poika mbale ndi kuwala. Malo otsalawo anawasiya kuti mlendoyo azipuma bwino ndi kugwada.

Ndimeyi yandigwira mtima chifukwa cha zimene zinandichitikira mwezi watha. Ndinagona masiku atatu ndi chimfine m'chipinda changa ku Rosettenville kuno ku Joni, ndipo amayi ena a kumpingo anabwera kudzandizonda. Chitseko chinangotseguka theka chifukwa kuseri kwake kunali chikwama chachikulu chija chamizeremizere. Pampando panali makatoni awiri. Pansi pa bedi, pamwamba pa wadiropu, ngakhale pawindo, paliponse katundu. Amayi aja, achikulire ndithu, anandipempherera ali chiimire pakhomo, chikwama chawo chili m'manja. Sananene kanthu, koma atapita ndinalira. Kwathu mlendo timayamba tamuyalira mphasa tisanamufunse za ulendo. Ine ndinasowa pokhazika munthu amene anabwera m'dzina la Yesu.

Nditachira ndinatulutsa zonse panja Loweruka m'mawa. Maketulo atatu, awiri osagwira ntchito. Makatani amene adona anandipatsa posintha m'nyumba mwawo, aatali kuposa khoma langa. Mapoto opanda zivindikiro. Ndiye pansi penipeni pa chikwama panali nsapato za sukulu zimene ndinagulira mwana wanga zaka zitatu zapitazo, zili m'bokosi lake, zitachita nkhungu. Mwanayo pano phazi lake likufanana ndi langa. Chaka chimenecho anapita ku sukulu ndi nsapato zong'ambika, zatsopano zili m'chikwama ku Joni, kudikira kuti katundu akwane ndidzatumize pamodzi.

Ambiri a ife tikudziwa mmene zimayambira. Abwana akamataya chinthu sitikana, timati chikathandiza kumudzi. Ukaona chotsika mtengo m'tauni umagula, ukuti cha kunyumba. Ndipo maganizowo ndi abwino, pakuti tinabwera kuno chifukwa cha anthu athu. Koma katundu sadzinyamula yekha. Kuti achoke pano, adutse pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukafika pa Mwanza, pamafunika ndalama ya matransipota kapena ya basi, ndiponso msonkho pachipata. Nthawi zina mtengo wotumizira umaposa wa chinthucho. Ndiye timati mwezi wamawa, mwezi wamawa, chaka n'kutha. Lendi ikulipidwa mwezi ndi mwezi, koma theka la chipinda mukugona makatoni, mphemvu ndi makoswe.

Nditakhala pakati pa muluwo ndinadzifunsa chimene chinkandiletsa kutaya ngakhale ketulo yakufa. Ndinapeza kuti ndi mantha. Munthu ukakhala m'dziko la eni, ntchito yosadziwika mawa lake, mtima umagwiritsitsa chilichonse. Umati chakudza sichiimba ng'oma. Ana a Israele anachita zomwezo m'chipululu. Mose anawauza kuti asasunge mana mpaka m'mawa, koma ena anabisa, ndipo kutacha anapeza atagwa mphutsi n'kununkha (Eksodo 16:19-20). Sindikuti kusunga ndi tchimo, ayi. Yosefe anasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri, anthu n'kupulumuka. Ngakhale kwathu tili ndi nkhokwe. Koma nkhokwe imamangidwa panja, imadziwika zimene zilimo, ndipo chaka chilichonse imatsegulidwa anthu n'kudya. Mlaliki 3:6 amati ilipo nthawi yosunga, ilipo nthawi yotaya. Ambiri tinaphunzira yoyambayo yokha.

Chinanso chimene ndinazindikira n'chakuti sindinkachitenga chipindachi ngati pakhomo. Ndinkati ndikungodikiriramo, moyo weniweni ndidzauyamba ndikadzabwerera. Zaka zikupita chonsecho. Mapemphero anga ndimapempherera muno, misozi ndimakhetsera muno, Mulungu amandidzutsa m'mawa uliwonse muno. Kwa anthu amene anatengedwa kupita ku Babulo, Yeremiya analemba kuti amange nyumba akhalemo, alime minda adye (Yeremiya 29:5), pomwe lonjezo lobwerera linali lilipo. Kusesa ndi kukonza chipinda cha lendi sikuiwala kwanu.

Taonaninso mayi wa ku Sunemu uja. Elisa atamufunsa chimene angamuchitire, kaya kumulankhulira kwa mfumu, iye anayankha kuti akukhala pakati pa anthu a mtundu wake. Mawu amenewa ife a kuno amatilasa. Koma tsegulani chaputala 8. Njala itagwa, mayi yemweyo anasiya nyumba ndi munda n'kukakhala zaka zisanu ndi ziwiri m'dziko la Afilisti. Nayenso analawa uchilendo. Pobwerera anapita kwa mfumu kukapempha malo ake, ndipo anafika nthawi yomwe Gehazi, wantchito wa Elisa, ankafotokozera mfumuyo nkhani ya mwana wake amene Elisa anamuukitsa. Mfumu inalamula kuti abwezeredwe zonse, pamodzi ndi zokolola za zaka zonsezo. Malemba satiuza kuti anabwera ndi mitolo ingati kuchokera kwa Afilisti. Amatiuza za Mulungu amene anamusungira zake iye kulibe. Ndipo mwana uja, kumbukirani, anaukitsidwira pa kama wa m'kachipinda kaja.

Ndiye ndinachita chonchi. Ndinagawa milu itatu. Zimene ndimagwiritsa ntchito sabata iliyonse zinabwerera m'nyumba. Zotumiza kumudzi ndinaziika m'chikwama chimodzi, n'kuimba foni kufunsa kaye ngati akuzifunadi. Mayi anga anasankha mabulangete ndi mapoto awiri, makatani aja anati ayi. Ndinalemba tsiku lotumizira pakalendala, n'kupangana ndi mtima wanga kuti chimene sichikwera tsiku limenelo chipita kwa wina wa konkuno. Mulu wachitatu unali wopereka. M'bwalo mwathu muli mtsikana amene wangofika kumene ndi kachikwama kamodzi, ankaphikira m'poto wobwereka. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo Yohane Mbatizi anati wa malaya awiri apatseko wopanda (Luka 3:11). Koma chonde, abale, tisapereke zakufa. Ketulo yosagwira ntchito si mphatso. Makatoni, mabotolo apulasitiki ndi zitsulo ndinaziika padera m'thumba tsiku lotulutsa zinyalala, kuti anyamata okoka matilole aja, amene amakagulitsa zimenezi, asavutike kufukula m'bini.

Ziwiri izi ndikupempha ndi mtima wonse. Pasipoti, pemiti, makadi a kuchipatala ndi makalata a ana zikhale m'kachikwama kamodzi, pamalo amene mungafike ngakhale mumdima. Ndipo njira yochoka pabedi kukafika pakhomo isakhale ndi kanthu. Sitinaiwale moto wa pa 31 August 2023 ku Marshalltown, umene unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Ambiri tikukhala m'zipinda zodulidwa ndi matabwa kapena makatani, ndipo nyengo yozizira ya June ndi July timayatsa mahita, magetsi akazima timayatsa makandulo. Mulu wa zovala ndi makatoni pafupi ndi lawi ndi nkhuni zouma.

Kukongoletsa sikunanditengere ndalama. Ndinakhoma misomali inayi pakhoma, pokoleka jekete, thaulo, chikwama ndi tsache. Ndinachapa chitenje chimene mayi anga anandipatsa ponyamuka n'kuyala patebulo, Baibulo pamwamba pake. Pawindo, pamene panali mabokosi, pali chitini chimene ndinadzalamo anyezi, ndipo dzuwa la m'mawa tsopano likulowa mpaka pabedi. Ndikamakolopa ndimakumbukira agogo anga akusesa pabwalo mbandakucha, mizere ya tsache ili ndondondo pafumbi, kenako n'kuzira khonde ndi dothi lakuda. Analibe zambiri, koma aliyense wodutsa ankafuna kukhala pansi.

Mpando uja ndi wopanda kanthu tsopano. Lachinayi lapitali amayi aja anabweranso, anakhalapo, tinamwa tiyi, ndipo tinagwada tonse awiri pansi malo n'kutsalako.

Tipemphere.

Atate, mukudziwa chipinda chilichonse chimene ana anu agonamo usiku wapitawu, ku Hillbrow, ku Yeoville, ku Mayfair, ku Diepsloot, ku Tembisa. Mukudziwa amene akugona anayi m'chipinda chimodzi, ndi amene alibe n'komwe chotaya. Chotsani mantha amene amatigwiritsa zinthu zimene zikuwola. Tisonyezeni lero munthu amene akusowa chimene chili pansi pa bedi lathu. Sungani ana athu ndi makolo athu kumudzi monga munasungira munda wa mayi wa ku Sunemu. Tiperekezeni pamsewu ndi pantchito, ndipo madzulo mutibweze bwino. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.