Makalata a omvera: penshoni ya bambo akunyumba, ine ndingapezeko kanthu?

Kalata yoyamba yachokera ku Indiana, ku America, ndipo ikufunsa za Social Security, penshoni ya boma la kumeneko. Mayiwa akuti: "Achimwene, ine zaka zambiri ndinali pakhomo kulera ana, ntchito yolembedwa ndagwira pang'ono chabe. Bambo akunyumba ayamba kulandira Social Security, ine ndili ndi zaka 62. Ndingapezeko kanthu kudzera mwa iwowa?"

Eya mayi, mungapeze, bola ukwati wanu wakwana chaka chimodzi ndipo bambowo ayamba kale kulandira zawo monga mwaneneramu. Komatu musathamange. Ndalama yonse ya mkazi kapena mwamuna wa munthu wopuma ndi theka la zomwe mwiniwakeyo amayenera kulandira pa msinkhu wake wopumira, ndiye inu poti munabadwa 1960 itadutsa, thekalo mulipeza mukadikira mpaka zaka 67, mukayamba panopa pa 62 imatsika kufika 32.5 peresenti ndipo ikatsika yatsika basi, siidzakweranso mukadzakwana 67. Ngati pakhomo zinthu zikuyendako, ine ndingati dikirani ndithu. Kupitirira 67 ayi, palibe chomwe amawonjezera.

Ngati kantchito munagwirako kaja kakukupatsani penshoni yanuyanu, sakupatsani zonse ziwiri, mumalandira yofanana ndi yokulirapoyo. Ndipo muwauze bambo asade nkhawa, zawo sizichepa.

Ina iyi yandikhudza. Mayi ena akuti: "Banja langa linatha titakhala zaka 12, sindinakwatiwenso. Anzanga akuti za penshoni ya bambo tinasiyana nawowo ndiiwale."

Anzanuwo akusocheretsani mayi. Lamulo likuti mukhale kuti munakhala pa ukwatiwo zaka zosachepera 10, inu mukhale osakwatiwanso ndipo mwakwana zaka 62. Bambowo kaya sanayambe kulandira, bola akwana 62 ndipo padutsa zaka ziwiri chisudzulirane. Simufunika kukawagwadira kuti avomere, ndipo iwo kapena mkazi wawo watsopano sataya ngakhale dola imodzi. Konzani setifiketi ya ukwati, chikalata cha chisudzulo cha kukhothi ndi chosonyeza tsiku lobadwa, mupite nazo ku ofesi ya Social Security.

Nonse awiri, ngati simuli nzika za America ndipo mukuganiza zodzabwerera kwanu, funsirenitu ku ofesiko musanakwere ndege, chifukwa munthu akakhala kunja miyezi yoposa 6 ndalamazi zimatha kuimitsidwa, ndipo kawirikawiri amafuna umboni woti munakhala ku America zaka 5 muli pa banjalo.