Mimba si ya munthu mmodzi

[Kamera ikuyenda mumsewu wa pafupi ndi Park Station, kenako ikuima pa pholo la magetsi lomatidwa timapepala.]

Moni nonse abale anga, a kuno ku Joni ndi inu amene mukutionera muli kumudzi. Tayang'anani pholo ili. Aliyense amene anatsikapo basi ya ku Blantyre kapena ya ku Lilongwe pa Park Station n'kuyamba wapansi kulowera ku Hillbrow, timapepala iti anationa. Tina tamatidwa pamwamba pa tinzake, tina tasuluka ndi dzuwa. Pali nambala ya foni ndi lonjezo loti mimba ichoka tsiku lomwelo, popanda ululu. Ambirife timadutsa ngati sitikuona. Koma alipo amene amaima pang'ono, n'kutulutsa foni, n'kujambula nambalayo. Ndipo nthawi zina wojambulayo si mtsikana ayi, ndi mwamuna.

Ine ndine Mkatolika, ndipo lero ndikufuna tikambirane zomwe Mpingo wathu umaphunzitsa pa nkhani ya kuchotsa mimba. Makamaka funso lija timalizemba: mimba ikachotsedwa, pamaso pa Mulungu akayankhe ndani?

[Wolankhula wakhala pampando m'chipinda.]

Tiyambe ndi malamulo a boma, poti apa ndi pamene ambiri timasokonezeka tikangofika. Kwathu ku Malawi, ndime 149 mpaka 151 za malamulo a milandu zimati wochotsa mimba ya munthu wina angathe kukhala kundende zaka 14, mayi wochotsa yekha zaka 7, ndipo wopereka mankhwala kapena zida zaka 3. Kwa zaka zambiri, chololedwa chakhala pamene madokotala akupulumutsa moyo wa mayi. Mu December 2016 maepiskopi athu pamodzi ndi mipingo ina anatsogolera anthu m'misewu kukana bilu yofewetsa lamuloli, ndipo mu 2021 aphungu anakana kuikambirana.

Kuno ku South Africa nkhani ndi ina. Lamulo la 1996, limene linayamba kugwira ntchito mu February 1997, limalola mayi kuchotsa mimba akangopempha, ngati sinapitirire masabata 12. Kuyambira masabata 13 mpaka 20 pamafunika chifukwa chimene dokotala wavomereza, monga umoyo wa mayi, kugwiriridwa, kapena mavuto a zachuma. Kupitirira apo ndi pokhapokha pali chiopsezo chachikulu. Ndiye munthu akawoloka Beitbridge, chimene kwawo chinali mlandu wa kundende apeza chikuchitikira m'chipatala cha boma. Ena amafika poganiza kuti poti boma lalola, ndiye kuti nayenso Mulungu wasintha maganizo. Chiphunzitso cha Mpingo chimene munaphunzira ku tilitonse kumudzi ndi chomwechonso ku Rosettenville.

Chiphunzitsocho n'chakuti moyo wa munthu uyenera kulemekezedwa ndi kutetezedwa kuyambira pamene mimba yangokhala. Zili mu Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, ndime 2270. Sizinayambe dzulo. Kabuku ka akhristu oyambirira kotchedwa Didache kanaletsa kale kupha mwana pochotsa mimba. Mu Luka mutu 1, Maria atangolandira uthenga wa mngelo anathamangira kwa Elizabeti, ndipo Yohane anatakataka ndi chimwemwe m'mimba mwa mayi ake. Yesu n'kuti asanaoneke n'komwe, komabe Elizabeti anamutcha Maria mayi wa Ambuye wake. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anafika ku Malawi mu 1989, analemba kalata yotchedwa Evangelium Vitae pa 25 March 1995, ndipo mmenemo ananena mosapsatira kuti kuchotsa mimba mwadala ndi tchimo lalikulu nthawi zonse, chifukwa ndi kupha munthu wosalakwa.

Ine ndimakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse, ndipo sindibisa. Makolo athu nawo ankadziwa kulemera kwa nkhaniyi. Mayi woyembekezera timati ali ndi pakati, ndipo akabereka timati wachira. Chinenero chathu chomwe chikuvomereza kuti mayiyo waima pamalo oopsa, posafunika kumusiya yekha.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri timasiyira kuwerenga. Mu kalata yomweyo, ndime 59, Papa anatchula anthu ena amene amasenza nawo mlanduwu, ndipo woyamba kutchulidwa ndi bambo wa mwanayo. Analemba kuti bambo amalakwa pamene akukakamiza mayi kuchotsa, komanso pamene wangomusiya yekha ndi mavuto a mimbayo. Anatchulanso achibale, abwenzi, madokotala ndi anamwino, ngakhalenso opanga malamulo.

[Pa sikirini pakuoneka chipinda chogawidwa pakati ndi katani, matiresi ali pansi, foni ili pachaji.]

Taganizirani chipinda chonga ichi ku Yeoville. Mbali iyi kumagona mtsikana wa kwathu, mbali inayo banja lina. Amagwira ntchito ya m'nyumba, masiku a mu pasipoti anatha kalekale, ndipo mwezi uliwonse amatumiza kangachepe kwa amayi ake amene akumulerera mwana woyamba. Wadumpha mwezi. Wagula kachida koyezera ku famase, mizere yatuluka iwiri. Akulembera mwamuna uja pa WhatsApp, manja akunjenjemera. Yankho likubwera usiku: "Iwe ukudziwa ndili ndi banja kumudzi. Ndakutumizira ndalama, uone chochita." M'mawa chithunzi cha mwamunayo chasowa, wamubuloka. Akaimbira azakhali ake, akuti, "Mwanawe, usatichititse manyazi, unapitira ntchito kumeneko." Abwana nawo ananeneratu tsiku loyamba kuti za mimba pano ayi.

Mtsikana ameneyu akaima pa pholo lija, waima yekha. Koma amene amufikitsa pamenepo ndi angati? Lamulungu mwamuna uja avala shati yoyera, aima pamzere wa Ukaristia, mtima uli phee, poti iye sanamwe mankhwala alionse. Achimwene, mawu akuti "uone chochita" Mulungu anawamva, ndipo akudziwa tanthauzo lake. Ndalama ija akudziwa inali yachiyani.

Nkhani ya mfumu Davide mu 2 Samueli mutu 11 ndi 12 imandikhudza chifukwa cha zomwezi. Bateseba, mkazi wa msilikali Uriya amene Davide anagona naye, anatumiza uthenga waufupi, woti ali ndi pakati. Davide anayamba kufunafuna njira yobisira. Anaitanitsa Uriya kuchokera kunkhondo kuti mimba ioneke ngati ya Uriyayo, anamuledzeretsa, ndipo zitakanika anamuika kutsogolo kwa nkhondo kuti afe. Davide sanagwire lupanga. Koma mneneri Natani sanapite kwa msilikali amene anabaya, anapita kunyumba ya mfumu, n'kuiuza pamaso kuti wolakwa ndi iyeyo.

Udindo wa mwamuna suyambira pa tsiku la mizere iwiri. Umayambira pamene wasiya mkazi ku Mzimba kapena ku Mangochi, wachita zaka zitatu osabwerera, n'kuuza mtsikana wa kuno kuti ndi mbeta mnzake. Mpingo ukamanena kuti kugonana ndi kwa m'banja, ena amati ndi zachikale. Koma pitani mukaone amene amalira pamapeto pake. Ndi mkazi wa kumudzi, ndi mtsikana wa kuseri kwa katani, ndi mwana amene sanapemphe kubwera.

Sindikunena kuti mayi alibe udindo. Ali nacho chikumbumtima, ndipo Mpingo umamulemekeza pomuona ngati munthu wotha kusankha. Kwa mlongo wanga amene akuganizira zimenezi usiku uno, ndikupempha ndi mtima wonse, musachotse. Amene ali m'mimbayo ndi mwana wanu. Koma Mpingo womwewo umasiyanitsa kukula kwa choipa ndi kukula kwa mlandu wa munthu. Katekisimu, ndime 1735, amati mlandu wa munthu ungachepe, mwinanso kuchokeratu, chifukwa cha kusadziwa, kukakamizidwa, kapena mantha. Mtsikana wa zaka 15 amene amayi ake amugwira pamkono kupita naye kwa wochotsa, safanana ndi munthu wamkulu amene wakhala pansi n'kusankha mwaufulu. Muyeso umenewu ali nawo ndi Mulungu, si ife a pa gulu la WhatsApp la mphakati.

Nanga za kudulidwa mu Mpingo? Zoona, malamulo a Mpingo amati wochotsa mimba, mimbayo n'kuchokadi, wadzidula yekha nthawi yomweyo, popanda wina kulengeza. Kale inali ndime 1398, kuchokera mu 2021 ndi ndime 1397. Chilangochi chimagweranso amene anathandiza, ngati popanda iwo zinthuzo sizikanachitika. Ndiye amene anakakamiza ndi kulipira asadzione ngati ali kunja. Komanso malamulo omwewo amati chilango chodzigwera chokhachi sichigwira munthu wosakwana zaka 18, kapena amene anachita chifukwa cha mantha aakulu, kapena amene sankadziwa, popanda kulakwa kwake, kuti pali chilango chotere. Ndipo kudulidwa sikufafaniza ubatizo. Munthu amaimitsidwa kulandira masakramenti kufikira atalapa, cholinga chake n'chakuti abwerere.

Mwachidule ndinenepo za zinthu ziwiri zimene zimavutitsa amayi ambiri popanda chifukwa. Kupita padera si tchimo. Simunalakwe, mwaferedwa. Chachiwiri, mimba ikakhala panja pa chiberekero, m'kanjira ka mazira, moyo wa mayi uli pachiswe, ndipo Mpingo umalola opaleshoni yochotsa kanjira kowonongekako ngakhale mwanayo sapulumuka. Cholinga pamenepo ndi kuchiza mayi, si kupha mwana. Musakane chithandizo chotere poopa tchimo.

[Wolankhula wanyamula kope la zopereka, masamba ake opindika m'makona.]

Kope ili mukulidziwa. Mmalawi akamwalira kuno, sipatha tsiku uthenga wafika ku Diepsloot, ku Mayfair, ku Turffontein. Uyu 50, uyu 100, uyu 200, mpaka bokosi likwere galimoto kupita kumudzi. Ine ndimanyadira mtima umenewu, ndipo ndasonkhapo kambirimbiri. Koma tsiku lina titatha kuwerenga ndalama za maliro, mayi wina wachikulire anafunsa kuti, "Kodi ana anga, kope la obadwa lili kuti?" Tonse tinangoti zii. Timadziwa kutumiza mtembo ulendo wa masiku awiri, koma mtsikana wa pakati akasowa lendi ya mwezi umodzi timayamba kumufunsa kuti mimbayo ndi ya ndani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero. Mphakati umene umaguba kukana kuchotsa mimba uyenera kukhalanso ndi matewera, ndi malo ogona, ndi mayi wina woperekeza ku sikelo. Tikamutsekera mtsikana pakhomo la tchalitchi chifukwa mimba yaoneka, amene akubwera pambuyo pake aphunzirapo kuti kubisa n'kwabwino, ndipo kubisako kumathera pa pholo lija.

Pali zina zimene mlongo woyembekezera ayenera kuzidziwa, poti mantha ambiri amabwera chifukwa chosauzidwa. Mu April 2023 khoti lalikulu la ku Johannesburg linatsimikiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi ana osakwana zaka 6 ayenera kulandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma, posayang'ana dziko lomwe achokera kapena mapepala awo. Pakhomo pa chipatala nthawi zina pamavuta, choncho musapite nokha, tengani mnzanu wolankhula bwino. Malamulo a ntchito kuno amapereka tchuthi cha uchembere cha miyezi inayi, ndipo kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba n'koletsedwa. Bambo wokana kusamalira mwana angathe kusumiridwa ku khoti la majisitireti, kumene kuli ofesi yoona za ndalama zolerera ana. Ndipo ngati kulera sikutheka konse, mwana angathe kuperekedwa mwalamulo kwa banja lina kudzera kwa a zachisamaliro cha anthu.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene zinachitika kale. Mwina patha zaka zisanu, mwina khumi. Mumakhala benchi yakumbuyo, ena akamapita kukalandira inu mumaweramitsa mutu, ndipo mumawerengabe mumtima kuti akanakhala sitandade chakuti. Mwina ndinu bambo amene munatumiza uthenga uja. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, mu ndime 99 ya kalata ija, analankhula ndi amayi otere mwachindunji. Sanabise kuti chinachitikacho chinali cholakwa, koma anawapempha kuti asataye chiyembekezo, poti Atate wachifundo akuwadikira mu sakramenti la kulapa. Kale m'madera ambiri wansembe ankafunika chilolezo cha episkopi kuti akhululukire tchimoli. Papa Fransisko anapereka mphamvu imeneyo kwa ansembe onse m'Chaka cha Chifundo chimene chinayamba pa 8 December 2015, ndipo pa 20 November 2016 anati zipitirire mpaka kalekale.

Choncho simufunika kudikira kuti mudzabwerere kumudzi, simufunikanso kalata ya wina aliyense. Bambo mfumu aliyense, kaya ku Cathedral of Christ the King pafupi ndi Hillbrow kaya ku parishi ya kufupi nanu, angathe kukumverani. Chimene mwanena polapa wansembe saloledwa kuchiulula kwa munthu aliyense, ngakhale kwa episkopi, ngakhale kwa apolisi. Ngati Chingerezi chikukuvutani, nenani m'mawu ochepa amene mungathe, kapena funsani kwa a mphakati za nthawi imene kukubwera wansembe wolankhula Chichewa, popanda kufotokoza chifukwa chake.

[Kamera yabwereranso pa pholo lija.]

Ndipo ngati mwamwa kale mankhwala ogula kwa anthu a timapepala iti, ndiye mukutaya magazi ambiri, thupi latentha, kapena m'mimba mukupweteka mosalekeza, zimitsani vidiyoyi pompano, dzutsani amene ali kuseri kwa katani, mupite kuchipatala usiku womwe uno. Za kulapa tidzaperekezana mukachira.