Kubwereza mabuku a mayeso a Fomu 4: mawu kwa makolo ndi ophunzira

Zikomo amfumu, zikomo makolo nonse amayi ndi abambo, ndi inu ana athu a Fomu 4 mwakhala kumbuyoko, tasenderani kuno chifukwa nkhaniyi ndi yanu.

Mayeso a MSCE ayandikira ndiye ndati tikambeko za mabuku aja timawerenga pa Chichewa ndi pa Chingerezi, a litilecha aja. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi, ana ambiri bukulo sakuliwerenga ayi, angogwira manotsi ndi timapamfuleti togula mumsika basi nkumaloweza. Koma a MANEB safunsa kuti unaloweza chani. Amadula kachigawo ka m'buku nkukufunsa kuti akuyankhula apayu ndani, akuuza ndani, chinachitika nchiyani izi zisanachitike, nanga khalidwe lake likuoneka lotani, perekani umboni. Umboniwo ukautenga kuti ngati bukulo sunatsegule?

Tengani Nthondo. Buku limeneli analemba a Samuel Josia Nthara, linatuluka mu 1933, ena mwa agogo ali panowa anali asanabadwe. Ana amati Chichewa chake nchovuta, miyambo yake sitikuidziwa. Zoona, nchakale. Komatu zimene zili m'menemo, za kubadwa kwa mwana, za maliro, za milandu pabwalo, za munthu kuchoka pamudzi kupita kutali kukafuna ntchito, za kulonga ufumu, eni ake a zimenezi ndi inu makolo mwakhala apanu. Mwana akakumana ndi mawu achikale asathamangire pa foni, afunse agogo ake. Ndipo funso lenileni pa Nthondo si lakuti anaba chani kapena anapita kuti, koma kuti mnyamata wosamva uja, wakuba uja, anasintha bwanji mpaka kukhala mfumu ndi kutembenuka mtima, chinamusintha nchiyani. Mwana amene walingalira zimenezo yekha, funso libwere mokhota bwanji ayankha ndithu.

Pa Chingerezi ndiye pamene pali mantha ambiri, makamaka Macbeth wa Shakespeare. Chizungu chake ngakhale ife aphunzitsi timawerenga mofatsa, kawiri katatu. Koma ija ndi sewero, analembera kuti anthu azichita pamaso pa anzawo, ndiye musamaliwerenge chamumtima muli chigonere pamphasa. Khalani anayi kapena asanu, wina akhale Macbeth, wina Lady Macbeth, wina Banquo, ena afiti aja, muziyankhula mokweza. Mukamaliza chigawo tsekani buku, mmodzi afotokoze m'Chichewa zimene zachitika. Mudzaona kuti nkhani yake ndi yomveka bwinobwino, msilikali wa ku Scotland amene anamva ulosi woti adzakhala mfumu, mkazi wake nkumukankha, mpaka anapha mfumu Duncan ali mlendo m'nyumba mwake, ndipo kuyambira pamenepo tulo sanationenso, kupha kumangopitirira.

The Pearl ndi kabuku kakafupi, palibe chifukwa choti mwana alowe m'mayeso atakawerenga kamodzi kokha. Kino, mmphawi wa ku Mexico, mwana wake Coyotito walumidwa ndi chinkhanira, dokotala akukana kumuthandiza poti alibe ndalama. Kenako wapeza ngale yaikulu, ndipo ogula aja apangana kuseri kuti amupatse mtengo wonyozeka. Inu amene munagulitsapo soya kapena nandolo kwa mavenda, sikelo ili m'manja mwawo mtengonso akunena okha, mukudziwa mmene Kino anamvera mumtima kuposa mmene ine ndingafotokozere pa bolodi.

Nchifukwa chake ndikupempha inu makolo, olo sukulu munalekeza Sitandade 3 musadziderere. Madzulo mukatha kudya muuzeni mwana akufotokozereni chaputala chimodzi ngati nthano, inu muzingomufunsa kuti chifukwa chiyani, nanga mkazi wakeyo anati chani, iweyo ukanatani. Pamene wakakamira mpomwe sanamvetse, abwerere akawerengenso. Ndipo chonde atsikanawa apatseniko mpata, sizoona kuti mnyamata ali pa buku mtsikana ali kumjigo, abwere aphike, atsuke mbale, pogwira buku maso akulemera kale. Mayeso ndi amodzimodzi onsewa.

Inu ophunzira, kope limodzi likhale la mabukuwa basi. Mpangankhani aliyense, ndiye kuti munthu wa m'nkhanimo, tsamba lake, khalidwe lake, ndi zochitika ziwiri kapena zitatu zotsimikizira khalidwelo. Mukati Lady Macbeth ndi wouma mtima, lembani pomwe zaonekera. Maphunzo a m'nkhani chimodzimodzi, dyera, umphawi, nsanje, lililonse ndi umboni wake. Mapepala a mayeso akale muziyankha molemba mutatchera nthawi, osamangowerenga mafunso nkumati aaa ili ndikulidziwa. Za likasa sindifuna nkumva komwe, akakugwirani zaka zinayi zonse zapita m'madzi, ndipo kumbukirani kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi palibe.

Mabuku ndi ochepa, tikudziwa, limodzi ana angapo. Amene mwabwereka ku laibulale musakalitsekere m'chikwama sabata yonse mnzanu akudikira, ndipo makolo ngati kunyumba kuli buku limene anasiya mkulu wake amene analemba kale, bweretsani tione ngati likadali pa silabasi. Magulu owerengerana tigawa tikangotuluka muno molingana ndi midzi, kuti ana asamayende mtunda usiku. Amene ali ndi funso aimike dzanja.