Makalata a omvera: kodi kuulula mathero kumapha buku la akazitape?

Tiyambe ndi kalata ya mayi wina amene akuti saphonya pulogalamu ino. Alemba kuti: "Achimwene, ndimasangalala mukamaunika mabuku a akazitape, koma mukafotokoza nkhani yonse, ife tikawerenganso chiyani? Kodi buku lotere silitha mchere munthu akadziwa mathero ake?"

Zikomo mayi. Zimatengera chimene wolemba wabisa. Tengani The Day of the Jackal la Frederick Forsyth, lomwe linatuluka mu 1971. Ndi nkhani ya chigawenga cholembedwa ganyu ndi gulu lachinsinsi la Afalansa lotchedwa OAS kuti chiphe Charles de Gaulle, mtsogoleri wa France, chifukwa cholola kuti Algeria idzilamulire. Aliyense wogula bukuli ankadziwa kale kuti de Gaulle anamwalira mu 1970 kunyumba kwake, osati ndi chipolopolo. Komabe anthu ankachezera nalo usiku wonse. Chowakoka chinali njira: momwe chigawengacho chinapezera pasipoti m'dzina la mwana amene anamwalira kalekale, momwe chinasulitsira mfuti yotha kuphwasulidwa zidutswa, komanso wapolisi wochisaka, amene amangofika pamalo icho chitangochokapo. Buku ngati limeneli ndimalifotokoza momasuka.

Tinker Tailor Soldier Spy la John le Carré, la mu 1974, ndi lina. M'bukuli, kazitape George Smiley akufunafuna mthirakuwiri pakati pa akuluakulu a ukazitape wa Britain, munthu amene wakhala akupereka zinsinsi ku Moscow kwa zaka zambiri. Apa dzina la munthuyo ndilo lanyamula buku lonse, ndipo woliulula wambera wowerenga. Ine pakamwa panga simudzalimva, mayi.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wina: "Pakati pa James Bond ndi Smiley, kazitape weniweni ndi uti?"

Bambo, olemba onse awiri ntchitoyi anaigwirapo. Ian Fleming, wolemba mabuku a Bond, anali m'nthambi ya zinsinsi ya asilikali a pamadzi a Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo Bond anayamba kuoneka mu Casino Royale mu 1953. Le Carré, dzina lake lenileni David Cornwell, anagwira ntchito ku MI5 kenako ku MI6, nthambi za ukazitape za Britain, m'zaka zomwe Kim Philby, kazitape wa Britain, anadziwika kuti ankagwirira ntchito Soviet Union n'kuthawira ku Moscow mu 1963. Bond amasangalatsa, sindikukana, koma mtima wanga uli kwa Smiley. Iye amakhala pansi n'kumafukula mafayilo akale, kufunsa anzake opuma pantchito, kumvetsera pamene munthu wazengereza poyankha. Mantha a m'buku lake ndi akuti amene wakupereka angakhale mnzako amene mwagwira naye ntchito zaka makumi awiri. Ngati le Carré simunamuwerengepo, bambo, yambani ndi The Spy Who Came in from the Cold la mu 1963, lokhudza khoma la Berlin. Ndi lalifupi, ndipo mathero ake nawonso sindikuuzani.