Kafananizidwe ka nayitrojeni wa m'ndowe za nkhumba pakati pa mayiko

Omvera athu, makamaka inu alangizi ndi ophunzira za ulimi amene mwapatsidwa ntchito yolemba lipoti, tengani cholembera. Tikukamba za nayitrojeni wa m'ndowe za nkhumba zosamalidwa, ndiye kuti zija amawola m'khola n'kuunjika pamulu, kapena kusunga m'dzenje kaya m'thanki. Zimene nkhumba yasiya kutchire poyendayenda zili ndi gawo lawolawo, musazisakanize. Ziwerengero mukazipeza pa FAOSTAT, nkhokwe ya pa intaneti ya FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, ndipo zimayambira 1961. Sankhani mayiko, nkhumba ndi zaka, kenako tsitsani tebulo. Muyezo wake ndi makilogalamu a nayitrojeni pa chaka.

Tsono mvetsetsani apa. Palibe munthu amene anakaika ndowezi pa sikelo, awa ndi masamu basi. Amatenga chiwerengero cha nkhumba m'dziko n'kuchulukitsa ndi mlingo wochokera m'malangizo a 2006 a IPCC, gulu la akatswiri a United Nations loona za kusintha kwa nyengo. Pa nkhumba 100 zilizonse, 90 amaziwerenga ngati zonenepetsa ndipo 10 ngati zobereketsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi yonenepetsayo. Kumadzulo kwa Ulaya mlingo ndi 0.51, kutanthauza makilogalamu a nayitrojeni patsiku pa makilogalamu 1,000 alionse a kulemera kwa ziweto, ndipo nkhumba amaiika pa makilogalamu 50. Chulukitsani 0.51 ndi 50, gawani ndi 1,000, chulukitsaninso ndi masiku 365. Mupeza makilogalamu 9.3 pa chaka. Ku Africa mlingo ndi 1.57, kulemera 28, yankho likufika 16. Ku Asia ndi 0.42, kulemera 28 komweko, yankho 4.3. Mwaona? Mukaika Malawi ndi Vietnam pamodzi, nkhumba ya kuno ioneka ngati ikutulutsa pafupifupi kanayi kuposa inzake, chikhalirecho kusiyanako kwabwera ndi tebulo. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti muyambe ndi mayiko a chigawo chimodzi: Malawi ndi Zambia, kapena Spain ndi Germany.

Mlingowu susinthanso ndi zaka. Choncho mzere ukakwera kapena kutsika pa girafu, chimene chasintha ndi kuchuluka kwa nkhumba. Ku China, komwe kuli pafupifupi theka la nkhumba za padziko lonse, chigodola chinalowa mu Ogasiti 2018, nkhumba n'kutsika kuchoka pa 428 miliyoni kumapeto kwa chakacho kufika pa 310 miliyoni kumapeto kwa 2019. Wina akaona mzerewo n'kulemba kuti a ku China aphunzira kusamala ndowe, walemba bodza. Mbali inayo, alimi a ku Denmark ndi Netherlands anachepetsa mapuloteni m'chakudya cha nkhumba kuti nayitrojeni wotuluka achepe, koma khama lawolo simungalione m'masamu amenewa. Mukalifuna, werengani malipoti amene mayikowo amapereka okha ku UNFCCC, pangano la United Nations la za kusintha kwa nyengo.

Samalaninso ndi malire a mayiko. Russia ikuyambira 1992, m'mbuyomo muli USSR, dziko lakale la Soviet Union limene Russia inali mbali yake. Belgium ndi Luxembourg anawaphatikiza mpaka 1999. Musalumikize mizere yotere ngati ndi dziko limodzi.

Nanga kuti dziko lalikulu lisameze laling'ono pa girafu, mutani? Sankhani chaka choyambira, mwachitsanzo 1990, muchitche 100 kwa dziko lililonse. Chaka china chilichonse chigaweni ndi cha 1990 n'kuchulukitsa ndi 100. Kuti mliri wa chaka chimodzi usakusokonezeni, phatikizani zaka zitatu zotsatizana n'kugawa ndi 3.

Koma ngati funso lanu ndi lakuti ndowezo zikulemetsa nthaka kapena ayi, gawani nayitrojeni ndi mahekitala a malo olima. Apa m'pomwe Netherlands, kadziko kakang'ono, imadumpha mayiko akuluakulu. Lamulo la European Union la 1991 linaika malire a makilogalamu 170 a nayitrojeni wa manyowa pa hekitala pa chaka m'madera amene madzi ali pachiopsezo. Kumbukirani kuti 170 ameneyu akuphatikiza ziweto zonse, ng'ombe ndi nkhuku zomwe, si nkhumba zokha ayi.

Ndipo nayitrojeni wolowa m'dzenje si amene amafika kumunda. Fungo loswa mphuno lija la pakhola ndi amoniya, nayitrojeni akuthawa. Malangizo omwewo a IPCC amati ndowe za nkhumba zosungidwa m'dzenje la pansi pa khola zimataya magawo 25 pa 100 a nayitrojeni, zounjika pamulu zimataya 50, pomwe za m'dziwe lotseguka zimataya 78. Ndiye mukafuna kudziwa feteleza amene alimi angapulumutse, tsegulani gawo la manyowa othiridwa m'nthaka pa FAOSTAT pomwepo.

Potsitsa tebulo, musafufute danga la zizindikiro. Pa chiwerengero cha nkhumba, zizindikirozo zimakuuzani ngati nambalayo yachokera ku boma kapena FAO yangoyerekeza. Zaka zoyerekezazo zijambuleni ndi mzere wodukaduka, ndipo pansi pa girafu lembani tsiku limene munatsitsa tebulolo, chifukwa FAO imabwerera n'kukonzanso ziwerengero zakale.